Chiwindi chathunthu kapena chodula: momwe ana amapatsidwira chiwindi china

Khanda likabadwa ndi njira za ndulu zotsekeka, chiwindi chake chimawonongeka pang'onopang'ono, ndipo ana ambiri otere amadzafunika chiwindi cha munthu wina. Chovuta ndi msinkhu. Chiwindi cha munthu wamkulu, cholemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, sichingakwane m'mimba mwa khanda, pomwe ziwindi za ana omwalira zimapezeka mwa apo ndi apo.

Mu 1984, Henri Bismuth wa ku France adalengeza kuti adadula chiwindi cha munthu wamkulu n'kuika chidutswa mwa mwana. Chotsalacho chinkatayidwa, mpaka mu 1988 pomwe Rudolf Pichlmayr ku Hannover adagawira odwala awiri chiwindi chimodzi. Chaka chotsatira ku Brisbane, Russell Strong adachotsa chidutswa mwa mayi wamoyo n'kupatsa mwana wake. Izi zimatheka chifukwa chiwindi chimaphukanso chikadulidwa.

Chiwindi chathunthu chilibe bala lomwe lingachuche magazi kapena ndulu, koma chikachokera kwa khanda lina, mtsempha wake umakhala wochepetsetsa ndipo magazi amatha kuundanamo. Chodula chimabwera ndi mitsempha yokulirapo, ngakhale kuti malo odulawo amavutitsa. M'zipatala zozolowera ntchitoyi, ana amapulumuka mofanana ndi njira zonsezi. Phindu lenileni la chodula n'lakuti mwana samwalira akudikira.

Opaleshoniyi sichitika m'Malawi. Ku South Africa imachitika pa chipatala cha ana cha Red Cross ku Cape Town ndi pa Wits Donald Gordon ku Johannesburg, komwe mu 2017 mayi yemwe ali ndi HIV adapereka chidutswa cha chiwindi kwa mwana wake wopanda kachilomboka.

Kwa banja la kwa Ndamera m'boma la Nsanje, nkhaniyi imayambira kutali ndi kumeneko. Khanda lomwe maso ake akadali achikasu patatha milungu iwiri, chimbudzi chili chotuwa ndipo mkodzo ndi woderako, liyenera kufika msanga kuchipatala cha m'deralo. Ulendo wake umadzera pa chipatala cha boma ku Nsanje mpaka ku Mercy James, pa Queen Elizabeth ku Blantyre, komwe ana amachitidwa maopaleshoni akuluakulu. Opaleshoni ya Kasai, yotsegulira ndulu njira yopita m'matumbo, imathandiza kwambiri ikachitika mwana asanathe miyezi iwiri, ndipo imatha kuchedwetsa kufunika kwa chiwindi china kwa zaka zambiri.