Gulu lonse pa kafukufuku wa ziwerengero

Gulu lonse, pa maphunziro a ziwerengero, ndi anthu, zinthu kapena zochitika zonse zimene wofufuza akufuna kuzidziwa. Pachingerezi amati population, mawu amene amasokoneza ambiri poti tinazolowera kuwamva ngati chiwerengero cha anthu m'dziko. Komatu matumba onse a chimanga mosungiramo katundu, kapena nsomba zonse za chambo m'nyanja ya Malombe, nazonso ndi gulu lonse. Malire ake amachokera pa funso la wofufuzayo. Akawerenga aliyense, ameneyo ndi kalembera; akatapako ochepa oimira anzawo, imeneyo ndi sampulo.

Mbiri

Kale akatswiri ankakhulupirira kalembera yekha. Mu 1895 Anders Kiaer, mkulu wa ofesi ya ziwerengero ku Norway, anauza msonkhano wa mumzinda wa Bern kuti gawo losankhidwa bwino likhoza kuimira dziko lonse, koma anzake ambiri anamutsutsa. Mu 1934, ku London, Jerzy Neyman anaonetsa ndi masamu ubwino wosankha mwa maere.

Phunziro lowawa linadza mu 1936 ku America. Magazini ya Literary Digest inatumiza makalata pafupifupi 10 miliyoni kufunsa anthu kuti adzavotera ndani pa chisankho cha pulezidenti, ndipo oposa 2 miliyoni anayankha. Inalengeza kuti Alf Landon apambana. Anapambana ndi Franklin Roosevelt, m'zigawo 46 mwa 48. Magaziniyi inaphonya chifukwa maina ambiri inawatenga m'mabuku a eni telefoni ndi eni galimoto, anthu opezako bwino m'zaka zimenezo, zomwe zinali za umphawi, ndiponso amene anayankhawo sankafanana maganizo ndi amene anangokhala chete. Wofufuza wina, George Gallup, anafunsa anthu ochepa kwambiri poyerekeza, koma analosera molondola.

Kachitidwe

Wofufuza amayamba ndi mndandanda wa onse a m'gululo, n'kusankhamo mwa maere. Amene palibe pamndandanda sangasankhidwe, ngakhale sampulo ikule chotani.

Kwathu kuno

Nzeruyi si yachilendo. Mayi polawa ndiwo amayamba watakasa mphika, kenako n'kudontheza msuzi pachikhatho. Kutakasako ndiye maere ake, chifukwa mchere ukanatha kukhala mbali imodzi. Wogula chimanga amabaya thumba pansi ndi pakati, sakhutira ndi chapakamwa. Kumsika wa fodya ku Kanengo ogula amasolola masamba angapo m'belo, ndipo mlimi wobisa fodya woipa m'kati amadziwa bwino lomwe kuti akunamiza sampulo. Nanga mulu wa tomato, wakupsa bwino ali pamwamba, ndani sanapusitsidwepo nawo?

Ku Malawi kalembera amayendetsa ndi ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba. Anachitika mu 1966, 1977, 1987, 1998, 2008 ndi 2018, pamene anapeza anthu 17,563,749. Timadera timene owerengera amagawana pa kalembera ndi timene kafukufuku wa zaumoyo ndi wa m'makomo amasankhamo pambuyo pake, kotero mwina kalembera akaphonya mudzi, kafukufuku wotsatira amauphonyanso.