Intent Yosatchula Dzina pa Zidziwitso za Android

Intent ndi uthenga umene pulogalamu ya pafoni ya Android imatumiza ikafuna kuti chinachake chichitike, monga kutsegula tsamba, kuimba foni kapena kuonetsa mapu. Ilipo ya mitundu iwiri. Ya explicit imatchula dzina lenileni la tsamba loyenera kutseguka. Ya implicit, yosatchula dzina, imangonena ntchito yofunika, Android n'kufufuza yokha pulogalamu imene ingaigwire.

Chidziwitso chikamafika pamwamba pa sikirini, pulogalamu imene yachitumiza nthawi zambiri imakhala yotseka. N'chifukwa chake intent imaikidwa mkati mwa PendingIntent, chilolezo chopatsa Android mphamvu yodzachita ntchitoyo m'malo mwa pulogalamuyo munthu akangodina.

Tiyerekeze pulogalamu yodziwitsa alimi a kachewere ku Tsangano, ku Mozambique, kuti wogula wapezeka. Chidziwitsocho chinganyamule intent yosatchula dzina yoimbira foni, yotchedwa ACTION_DIAL, ndi nambala yoyamba ndi +258. Mlimi akadina, Android imayang'ana mapulogalamu amene analemba mu fayilo yawo ya AndroidManifest.xml kuti amatha kuimba. Ikapezeka imodzi, imatseguka nambala ili kale pamenepo. Akapezeka angapo, munthu amafunsidwa kuti asankhe. Foni siimba yokha. Izi n'zothandiza kwambiri kumalire, kumene foni imodzi imatha kukhala ndi SIM ya Movitel kapena Vodacom pamodzi ndi ya TNM kapena Airtel ya ku Malawi, chifukwa mwini foni ndiye amasankha laini yoimbira.

Vuto la intent yosatchula dzina n'lakuti pulogalamu iliyonse, ngakhale yachinyengo, ingalembe kuti imadziwa ntchitoyo, n'kulandira uthenga umene sunali wake. Kwa anthu osunga ndalama pafoni, monga pa M-Pesa, imene inafika ku Mozambique mu 2013, kapena pa e-Mola, imeneyi si nkhani yaing'ono.

N'chifukwa chake Google, imene imapanga Android, yakhala ikukhwimitsa malamulo. Kuyambira pa Android 12 ya mu 2021, wopanga pulogalamu ayenera kunena ngati PendingIntent ingasinthidwe kapena ayi. Android 14 ya mu 2023 imakana PendingIntent yosinthika yokhala ndi intent yosatchula dzina. Koma mafoni akale, amene akadali m'manja mwa anthu ambiri akumudzi, alibe chitetezo chatsopanochi. Wopanga pulogalamu amene akufuna kuti chidziwitso chitsegule tsamba la pulogalamu yake yomwe ayenera kulitchula dzina.