Laisensi ya injini za masewera a pakompyuta: ya sukulu ndi ya malonda zimasiyana pati

Injini ya masewera ndi pulogalamu ya kompyuta imene opanga masewera amamangirapo ntchito yawo. Ndiyo imaonetsa zithunzi, kuwerengera mmene chinthu choponyedwa chigwere, kuliza mawu ndi kumva mabatani amene wosewera akudina. Amene ali ndi injini sakumba yekha maziko. Amangobweretsa nkhani, zithunzi ndi malamulo a masewera ake. Komabe injini sigulidwa monga mmene munthu amagulira njinga. Chimene wogwiritsa ntchito amalandira ndi laisensi, chomwe ndi chilolezo chokhala ndi mfundo zake, ndipo umwini umatsala m'manja mwa kampani. Mgwirizano wa TRIPS wa mu 1994 umalamula kuti mapulogalamu a kompyuta atetezedwe ngati zolembalemba, kotero kuswa mfundo za laisensi kungathe kufikitsa munthu kukhoti.

M'zaka za m'ma 1990 nkhaniyi inali ya makampani okhaokha. Kampani ya id Software ya ku America, imene inatulutsa Doom mu 1993 ndi Quake mu 1996, inkabwereketsa injini zake kwa makampani ena pamtengo wokambirana, ndipo masewera a Half-Life a mu 1998 anamangidwa pa injini ya Quake yosinthidwa. Wophunzira wamba sakanaikwanitsa mitengo yotere. Zinthu zinasintha kwambiri mu 2009, pamene Unity inayamba kupereka mtundu waulere wa injini yake, ndipo Epic Games inatulutsa Unreal Development Kit, yotchuka ndi dzina loti UDK.

Mfundo za UDK zikuonetsa bwino malire amene akunenedwa pano. Sukulu ndi aliyense wosafuna phindu ankaigwiritsa ntchito ulere. Wofuna kugulitsa masewera ankalipira madola a ku America 99, kenako 25 peresenti ya ndalama zopitirira madola 5,000, malire amene anakwezedwa kufika pa madola 50,000 mu 2011. Pulogalamu inali imodzimodzi kwa onse awiri. Chosiyana chinali chimene munthu waloledwa kuchita nayo, ndipo mpaka lero kusiyana kwakukulu kumagona pamenepo.

Laisensi ya sukulu

Laisensi ya maphunziro imayang'ana munthu ndi cholinga chake. Kawirikawiri imafuna umboni wakuti wopemphayo ndi wophunzira, mphunzitsi kapena sukulu yovomerezeka ndi boma, ndipo imakhala ya nthawi yoikika, yoyenera kuitsitsimutsa. Mwachitsanzo, Unity imapereka ku sukulu chilolezo chotchedwa Education Grant License, chimene chimalola kuika injiniyo m'makompyuta a m'kalasi popanda malipiro, koma kuti igwiritsidwe ntchito pophunzitsa, osati pochita malonda. Kampani siichita izi chifukwa cha chifundo chokha. Wophunzira amene wazolowera injini inayake kwa zaka zitatu kapena zinayi amadzaifuna yomweyo kuntchito, ndipo womulemba ntchito ndiye adzalipire.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa tanthauzo la mawu oti malonda. Sikuti amanena kugulitsa masewera kokha. Masewera operekedwa ulere koma okhala ndi zotsatsa malonda amabweretsa ndalama. Chimodzimodzinso ntchito imene dipatimenti ya pa yunivesite yapangira banki, kampani ya migodi kapena bungwe lothandiza anthu n'kulandira malipiro. Ntchito yotere ndi yamalonda ngakhale itachitikira m'chipinda chophunzirira, ndipo kuichita pa makompyuta okhala ndi laisensi yophunzitsira kokha ndi kuswa pangano.

Laisensi ya malonda

Mbali iyi imayang'ana ndalama, ndipo makampani awiri akuluakulu amaziwerenga mosiyana. Epic Games imatenga gawo la zimene masewera apeza. Mu March 2014 inatulutsa Unreal Engine 4 pamtengo wa madola 19 pamwezi kuphatikizapo 5 peresenti ya zogulitsa. Mu September chaka chomwecho inaipereka ulere ku sukulu ndi mayunivesite, ndipo mu March 2015 inachotseratu malipiro a pamwezi kwa aliyense. Kuyambira 2020, 5 peresentiyo imayamba kugwira ntchito masewera akadutsa madola 1 miliyoni. Potero masewera amene apeza madola 1.5 miliyoni amalipira 5 peresenti ya madola 500,000 otsalawo, omwe ndi madola 25,000. Choyenera kudziwa n'chakuti kuwerengaku kumatengera ndalama zonse zimene ogula alipira, sitolo ya pa intaneti isanachotse gawo lake. Mu 2024 Epic inawonjezera malipiro a madola 1,850 pachaka pa wogwiritsa ntchito aliyense kwa makampani opeza ndalama zoposa madola 1 miliyoni pachaka amene amagwiritsa ntchito injiniyo pa zinthu zosakhala masewera, monga mafilimu ndi mapulani a nyumba. Ophunzira ndi aphunzitsi sanakhudzidwe.

Unity imalipiritsa pa mpando, ndiko kunena pa munthu aliyense wogwiritsa ntchito pulogalamuyo. Mtundu wake waulere, Unity Personal, umalola kugulitsa masewera malinga ngati ndalama zopezeka m'miyezi 12 yapitayo sizinadutse malire, amene anali madola 100,000 ndipo anakwezedwa kufika pa madola 200,000 mu 2024. Opitirira pamenepo amayenera kugula Unity Pro, imene mu January 2025 inafika pa madola 2,200 pachaka pa mpando umodzi. Malirewa amawerengera ndalama za thandizo ndi za oika ndalama m'bizinesi, osati zogulitsa zokha, ndipo amene akugwirira ntchito kasitomala amayesedwa ndi chuma cha kasitomalayo. Choncho achinyamata awiri amene sanagulitsepo kanthu angafunike laisensi yolipira chifukwa chakuti amene wawapatsa ntchito ndi kampani yaikulu. Kwa opanga masewera a m'chigawo chino, malipirowa ndi a m'madola, ndipo ndalama ya dziko ikagwa, monga inachitira kwacha ya Malawi ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo umakwera ngakhale kampani isanasinthe kalikonse. Kuti msikawu ungafikirike kuchokera kuno zinaoneka ndi Broforce, masewera a mu 2015 amene kampani ya Free Lives ya ku Cape Town inapanga ndi Unity.

Mfundo za laisensi zimasinthanso. Mu September 2023 Unity inalengeza kuti iyamba kulipiritsa mpaka masenti 20 nthawi iliyonse pamene masewera aikidwa mu kompyuta kapena mu foni. Opanga masewera anakwiya, makamaka chifukwa lamuloli likanakhudza masewera otuluka kale. Mkulu wa kampaniyo, John Riccitiello, anachoka pa udindo mu October chaka chomwecho, ndipo mu September 2024 mkulu watsopano, Matt Bromberg, anathetsa malipirowo asanayambe n'komwe kutoleredwa.

Mkanganowu unakweza mbiri ya Godot, injini imene anayambitsa Juan Linietsky ndi Ariel Manzur a ku Argentina, ndipo inaperekedwa kwa onse mu 2014 pansi pa laisensi ya MIT. Pa injini imeneyi palibe kusiyanitsa wophunzira ndi wamalonda: palibe gawo lolipira, ndipo chofunika ndi kusunga mawu a laisensiyo m'masewera ogawidwa.

Palinso pangano lina limene silichokera kwa mwini injini. Makampani a injini salanda umwini wa masewera amene wophunzira wapanga, koma sukulu ingathe kutero kudzera m'malamulo ake. Sukulu ya DigiPen ya ku America inkadziwika m'zaka za m'ma 2000 ndi lamulo losunga umwini wa masewera a ophunzira ake. Gulu la ophunzira a pasukuluyi limene linapanga Narbacular Drop mu 2005 linalembedwa ntchito ndi kampani ya Valve, ndipo kumeneko linamanganso ganizo lomwelo pa injini ya Source, n'kutulutsa Portal mu 2007.