Mpweya wa m'chipinda choyezera m'mimba

Mu 1868, mumzinda wa Freiburg ku Germany, dokotala Adolf Kussmaul anaitana munthu wina yemwe ankapeza ndalama pomeza malupanga anthu akuonerera. Anamumezetsa chubu chachitsulo chowongoka, chotalika masentimita 47, kuti asuzumire m'chifu cha munthu wamoyo. Nyale yake sinkawala mokwanira ndipo sanaone zambiri, koma kuyeza m'chifu ndi chubu, komwe lero ndi mbali ya zimene madokotala amati endoscopy, kunayambira pamenepo.

Patatha zaka 13, mu 1881, Jan Mikulicz-Radecki anapanga ku Vienna chubu chokhala ndi nyale ya magetsi kunsonga. Dokotala yemweyu atasamukira ku Breslau, komwe lero ndi Wrocław ku Poland, anapezana ndi katswiri wa tizilombo toyambitsa matenda, Carl Flügge. Mu 1897 Flügge anaonetsa kuti munthu akamatsokomola, ngakhale akamangoyankhula, mkamwa mwake mumatuluka timadontho ta malovu tonyamula tizilombo. Chaka chomwecho Mikulicz anayamba kumanga kansalu kukamwa pochita opaleshoni. Zimandikhudza kuti chubu ndi masiki zinadutsa m'manja mwa munthu mmodzi, koma panapita zaka zoposa 100 zisanakumane mokwanira m'chipinda choyezera m'mimba. Kansalu ka Mikulicz kanali koteteza bala la wodwala ku malovu a dokotala. Zoti wodwala naye angapatsire womuyeza matenda sizinali m'maganizo mwa ambiri.

Chonsecho woyezayo ankakhala pafupi kwambiri. Chubu chopindikako chimene Rudolf Schindler anatulutsa mu 1932 chinkafuna kuti dokotala agunditse diso kumapeto kwake. N'chimodzimodzinso chubu chofewa cha Basil Hirschowitz, mbadwa ya ku Bethal ku South Africa, yemwe anayamba wachimeza yekha mu 1957 ku University of Michigan asanachiyese pa wodwala. Nkhope ya dokotala inkakhala chapafupi ndi pakamwa pa munthu amene akutsokomola, kugeya ndi kuchita nseru. Kugeyako kuli ndi chifukwa chake: woyeza amapopera mpweya m'chifu kuti chifufume n'kuoneka bwino, ndipo mpweyawo umabwerera momwe unalowera. Nkhope inatalikirako mu 1983 pamene kunabwera chubu chokhala ndi kamera, dokotala n'kumayang'ana pa sikirini.

Nthawi yonseyi nkhawa inali pa kutsuka chubucho kuti chisachotse matenda mwa wodwala uyu kupititsa kwa wina. Inali nkhawa yoyenera. Koma za mpweya zinkadziwika kale kwa ofufuza za chifuwa chachikulu. Mu 1934 William Wells wa ku Harvard anafotokoza kuti madontho akuluakulu amagwa pansi msanga, pamene ting'onoting'ono timauma tisanafike pansi n'kumayandama ngati utsi m'nyumba yotseka. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, Richard Riley ndi anzake ku Baltimore anapititsa mpweya wochokera mu wodi ya odwala TB kwa mbira zimene sizinakhudzanepo ndi odwalawo. Mbira zina zinatenga matendawa.

Mliri wa SARS wa 2003 ndi umene unagwedeza zipatala. Mwa anthu 8,096 amene bungwe la WHO linawerenga kuti anadwala, 1,706 anali ogwira ntchito zachipatala. Ku Toronto ndi ku Hong Kong anamwino ndi madokotala anadwala atagwira ntchito pafupi ndi pakamwa pa odwala. Covid-19 atafika, mu March 2020 bungwe la British Society of Gastroenterology linalangiza kuti kuyeza konse kosakhala kwadzidzidzi kuyambe kwaima. Mtengo wake unali wowawa: m'miyezi yoyamba ija, khansa zopezeka kudzera m'kuyezaku ku Britain zinatsika kuposa theka. Khansayo inalipo ndithu, kungoti panalibe woiona.

Apa m'pamene ofufuza a ku Hong Kong, Japan, Nottingham ndi Bristol analowa m'zipindazi ndi makina owerengera timadontho ta mumpweya. Anapeza kuti kuyeza kolowera kukamwa kumachulukitsadi timadonthoti, ndipo a ku Bristol anaonetsa kuti tambiri timatuluka wodwala akatsokomola. Kuyeza kolowera kumunsi, koona matumbo aakulu, kuli ndi vuto lakenso la madzi othovukira pankhope ndi m'manja.

Kwathu kuno nkhaniyi si yachilendo. Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya kummero ndi yofala kwambiri padziko lonse, ndipo munthu amene chakudya chayamba kumukanirira pomeza amafunika chubu chomwechi, kaya ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Odwala ena amafika ataonda komanso akutsokomola, ndipo TB sinachoke pakati pathu ngakhale Covid-19 anazilala. Kuimitsa kuyeza kungapweteke odwala athu monga kunapwetekera a ku Britain. Chofunika n'kumufunsa wodwala za chifuwa asanagone pabedi, kutsegula mawindo kuti mpweya uziyenda, kudikirako pang'ono wina asanalowe, ndi kupereka masiki a N95 ndi zotchinga maso kwa onse a m'chipindamo, kuyambira namwino wogwira mutu wa wodwala, amene amaima pafupi ndi pakamwa kuposa dokotala.