Chiphe sichikhala m'mowa mokha

Ambiri akamva mawu oti "chiphe" amangoganiza za munthu wanjiru wothira tameki m'mowa wa mnzake. Mawuwa ndi otambalala kuposa pamenepo. Achokera ku "kupha": chiphe ndi chilichonse chimene chimapha chamoyo chikalowa m'thupi. "Poizoni" tinachita kubwereka ku Chingerezi, koma tanthauzo ndi lomwelo. Katupe amene asodzi ena amasinja n'kuthira padziwe nayenso ndi chiphe.

Taimani m'mbali mwa mtsinje wa Mudi ku Blantyre, kumunsi kwa mafakitale a ku Makata, muone madzi akuda bii, athovu, fungo lake loboola mphuno. Nsomba zikayandama chagada m'madzi otere, mawu oyenera ndi omwewa.

Akatswiri amayeza mphamvu ya chiphe poika nsomba m'mabeseni agalasi, n'kuthiramo mankhwala a kufakitale, beseni lililonse mlingo wakewake. Kenako amawerenga zakufa kwa maola 96. Mlingo wopha theka la nsombazo amautcha LC50, ndipo ukakhala wochepa ndiye kuti mankhwalawo ndi oopsa zedi.

Akhonsolo ya mzinda wa Blantyre, yezani pafupipafupi zimene zikutayidwa mu Mudi. Kumunsi kuli amayi ochapa ndi ana osamba.