Wophunzila wanjala wa ku Constantinople

M'zaka za m'ma 1100, mumzinda wa Constantinople, umene lelo umachedwa Istanbul, munali Cigiriki ca mitundu iwili. Cina cinali ca m'mabuku, cotengela olemba a ku Athens amene anamwalila zaka pafupifupi 1,500 kumbuyo. Cina cinali ca pamsika, cimene mayi anali kukalipila naco mwana. Wofuna ulemu anali kulemba coyambaco.

Anna Komnene, mwana wamkazi wa mfumu Alexios I, analemba mbili ya ulamulilo wa atate ake m'Cigiriki cakale cija. Bukulo, Alexiad, lili na zigawo 15. Kuti munthu alembe conco anafunika kutha zaka kusukulu, kuloweza Homer pamtima na kulimbana na galamala. Wogulitsa nsomba kudoko sakanamva zambili.

Koma m'nthawi imodzimodziyo kunatuluka ndakatulo zinayi zodziwika na dzina lakuti Ptochoprodromos, kutanthauza Prodromos wosauka. Zinalembedwa m'mawu oyandikana na a mumsewu, ndipo zimapempha thandizo kwa mafumu a banja la Komnenos. M'ndakatulo imodzi wolankhula akudandaula za mkazi wake wolongolola. Mu ina, mmonke wamng'ono akuona akuluakulu ake akudya nsomba zonona pamene iye akumwa msuzi wamadzimadzi.

Yogwila mtima kwambili ni ya wophunzila wanjala. Ali mwana, atate ake anali kumuloza munthu amene kale anali kuyenda wapansi, koma ataphunzila anayamba kuyenda pa nyulu yonenepa. Mwanayo anamvela, anaphunzila movutikila. Atakula, akutsegula bokosi kufunamo buledi, akupezamo mapepala okhaokha. Mnansi wake wosoka nsapato akutuma mnyamata kukagula matumbo, chizi na vinyo, iye akungomeza mate. Pomaliza akutembelela maphunzilo. Aliyense amene ali na satifiketi m'cikwama koma nchito palibe angamumve bwino munthuyu.

Kwa nthawi yaitali akatswili a ku Ulaya anali kunyoza zolemba za ufumu wa Byzantium kuti ni zokopela cabe. N'zoona kuti kukopela kunalipo, ndipo tiziyamikila, cifukwa Homer na Thucydides anatifika makamaka kupyolela m'manja mwa alembi a kumeneko. Koma mu 1891, Karl Krumbacher wa ku Munich anafalitsa buku la mbili ya zolemba za ku Byzantium, ndipo zolembedwa m'cinenelo ca anthu wamba anazipatsa cigawo cawocawo. Mu 1892 anayambitsa magazini ya maphunzilo amenewa, Byzantinische Zeitschrift, imene ikali kutuluka mpaka lelo.

Akatswili akali kutsutsana ngati ndakatulo zinayizi zinalembedwa na Theodore Prodromos, mlakatuli wochuka wa kunyumba ya mfumu, kapena na wina womutsanzila. Cimene cimaonekela poyela n'cakuti wolembayo sanali mbuli. Potamanda mfumu amakweza mawu kuyandikila Cigiriki ca m'mabuku, koma akafika pa njala, pa mkazi na pa mphika wa mnansi, amatsikila ku ca mumsewu. Zinenelo zonse ziwili anali kuzidziwa, ndipo anasankha dala. Anaona kuti mawu a kusukulu angamulowetse pakhomo la mfumu, koma kuti mfumuyo iseke na kumva njala yake, anafunika kulankhula mmene wosoka nsapato amalankhulila.