Buku lomwe lidalephera kuweruza mlandu wa ku Hyrule

M'mwezi wa Ogasiti chaka cha 2012 kudachitika zodabwitsa pa msika wa mabuku wa Amazon ku America. Buku lomwe linali lisanatuluke n'komwe m'Chingerezi lidakwera mpaka pa nambala 1 pa mndandanda wa mabuku ogulidwa kwambiri, kugwetsa Fifty Shades of Grey, buku lachikondi lomwe linali m'kamwam'kamwa chaka chimenecho. Anthu ankalipiriratu ndalama zawo, n'kumadikira miyezi isanu kuti katundu afike. Bukulo linali mbiri ya dziko lomwe silipezeka pa mapu alionse, dziko la Hyrule, la m'masewera a pa kanema otchedwa The Legend of Zelda. Dzina lake ndi Hyrule Historia.

Mwina wina afunsa kuti, anthu akuluakulu, ena a ndevu zawo, n'kumalimbirana buku la zithunzi za gemu? Yankho lagona pa mkangano womwe udakula pang'onopang'ono m'zaka 25. Ogulawo zithunzi ankazifuna ndithu, koma chachikulu ankafuna woweruza.

Gemu yoyamba ya Zelda idatuluka ku Japan pa 21 Febuluwale 1986, yopangidwa ndi kampani ya Nintendo ya mumzinda wa Kyoto. Akatswiri omwe adatsogolera ntchitoyi ndi a Shigeru Miyamoto ndi a Takashi Tezuka. A Miyamoto akhala akufotokoza kuti ankafuna wosewera amve zomwe iwo ankamva ali mwana kwawo ku Sonobe, pomwe ankayendayenda m'nkhalango ndi kulowa m'mapanga osadziwa chomwe akakumane nacho. Nkhani yake inali yaifupi: mnyamata Link, mwana wamkazi wa mfumu dzina lake Zelda, chilombo chotchedwa Ganon, ndi chuma chagolide chotchedwa Triforce.

Makina a masiku amenewo sankatha kusunga mawu ambiri. Choncho mbali yaikulu ya nkhaniyo idalembedwa m'kabuku ka zithunzi komwe kankabwera m'bokosi limodzi ndi gemuyo. Mwachitsanzo gogo wotchedwa Impa, yemwe adatuma Link pa ulendo wake, m'gemu yoyambayo saonekamo. Amapezeka m'kabukuko basi. Kuyambira pachiyambi penipeni, tsono, osewera Zelda adazolowera kuti zenizeni zimapezeka papepala.

Magemu ena adatsatira. Zelda II ya 1987 idapitiriza pomwe yoyamba idalekera. A Link to the Past ya 1991 idabwerera m'mbuyo kukakamba za makolo. Ocarina of Time ya 1998 idabwereranso m'mbuyo kuposa apo. Pafupifupi m'gemu iliyonse mumapezeka Link ndi Zelda, koma nthawi zambiri amakhala anthu ena, a m'badwo wina, monga momwe dzina la ufumu limakhalira lomwelo pomwe olowa dzinalo akusinthana. Apa ndi pomwe padayambira mutu waukulu: kodi wayamba ndani, watsatira ndani?

Eni akewo sadathandize. M'chaka cha 1998, poyankhula ndi magazini ya Nintendo Power, a Miyamoto adaika A Link to the Past pambuyo pa magemu awiri oyamba aja, chikhalirecho bokosi la gemuyo ku America lidanena kuti ikukamba za makolo a Link ndi Zelda. Zaka zotsatira, a Miyamoto ndi a Eiji Aonuma, omwe adadzatenga utsogoleri wa Zelda, ankauza atolankhani kuti ku Nintendo kuli chikalata chachinsinsi chofotokoza ndondomeko yonse. Mawu amenewa adangokoleza moto. Ngati chikalata chilipo ndiye kuti yankho liliponso, ndipo munthu wakhama atha kulifukula.

Okonda Zelda adagawikana. Ena ankati mbiri yonse ndi mzere umodzi wowongoka. Ena ankati palibe ndondomeko iliyonse, koma nthano imodzi yomwe ikukambidwa mosiyanasiyana, monga momwe nthano ya Kalulu imasinthira ikachoka pakamwa pa agogo awa kupita pa agogo awo. Gulu lachitatu linkati mtengowu uli ndi nthambi ziwiri, ndipo umboni wawo unali mathero a Ocarina of Time.

Tifotokoze pang'ono, awerengi, chifukwa mlandu wonse wagona pano. M'gemu imeneyi Link ali mwana amazula lupanga lopatulika, n'kugona zaka zisanu ndi ziwiri. Akadzuka amapeza dziko lili m'manja mwa Ganondorf, munthu yemwe pambuyo pake amasanduka chilombo chija. Link amamugonjetsa, kenaka Zelda amamubweza ku ubwana wake kuti akadye zaka zomwe adaluza. Ndiye kuti patsala maiko awiri: lomwe Link wachokamo ali wamkulu, ndi lomwe wabwereramo ali mwana n'kukaulula chiwembu chisanachitike. The Wind Waker ya 2002 idaonetsa dziko loyambalo litamizidwa ndi chigumula chifukwa Ganon atabweranso padalibe ngwazi yolimbana naye. Twilight Princess ya 2006 idatsata dziko lachiwirilo. A Aonuma adavomereza poyera za nthambi ziwirizi, ndipo a gulu lachitatu adayamba kuyenda mapewa ali m'mwamba. Koma funso limodzi lidakanika: nanga magemu akale aja, a 1986 mpaka 1993, akhala pa nthambi iti?

Pa 21 Disembala 2011, pokumbukira kuti Zelda yakwanitsa zaka 25, kampani yosindikiza mabuku ya Shogakukan idatulutsa Hyrule Historia m'Chijapanizi, moyang'aniridwa ndi a Aonuma. Buku la masamba oposa 270 limeneli lili ndi zigawo zinayi. Choyamba chikukamba za Skyward Sword, gemu yomwe inali itangotuluka mwezi wa Novembala. Chachiwiri ndi mbiri ya Hyrule. Chachitatu ndi zojambula za amisiri za zaka zonse 25, ndipo chomaliza ndi nthano ya zithunzi yolembedwa ndi amayi awiri omwe amagwiritsa ntchito dzina limodzi loti Akira Himekawa.

Awerengi a kunja kwa Japan sadadikire. Pasanathe masiku, odziwa Chijapanizi anali atayamba kale kumasulira masamba a chigawo chachiwiri n'kumagawira anzawo. Zomwe adapezamo zidawasiya kukamwa kuli yasa. Magemu 16 adandandalikidwa bwinobwino. Yatsopano kwambiri, Skyward Sword, ndiyo idakhala yoyamba m'mbiri, pomwe ya 1986 ija idakankhidwira kumapeto. Koma nthambi zinali zitatu. Yachitatuyo, malinga ndi bukuli, ndi dziko lomwe Link adagonja pa nkhondo yake yomaliza ndi Ganondorf, ndipo magemu akale onse adaikidwa kumeneko.

Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Triforce ili ndi zidutswa zitatu: cha mphamvu, cha nzeru ndi cha kulimba mtima. A Link to the Past imanena kuti Ganon adatenga zonse zitatu asanatsekeredwe ndi anzeru asanu ndi awiri, pomwe kumapeto kwa Ocarina of Time amatsekeredwa ali ndi chimodzi chokha. Kuti nkhani ziwirizi zigwirizane pankafunika Ganon wopambana. Olemba adasoka chigamba pomwe padang'ambika.

Awerengi adalandira chigambacho mosiyanasiyana. Ena adaomba m'manja, amvekere pamapeto pake taona pogwira. Ena adakwiya zedi. Madandaulo awo anali omveka: kugonja kwa Link sikuonetsedwa paliponse ngati mbali ya nkhani, kumachitika pokhapokha wosewera akalephera, gemu n'kumuuza kuti ayambirenso. Tsono ngati kulephera kumodzi kukubala mbiri yakeyake, nanga maulendo onse omwe osewera adagwera m'dzenje kapena kuphedwa ndi zilombo, iliyonse ikhale nthambi? Panalinso ena omwe chidawapweteka ndi chakuti magemu a ubwana wawo adatchedwa a nyengo ya kugwa kwa ufumu, ngati kuti akhala akusewera m'mabwinja osadziwa. Ndipo kwa iwo omwe adatha zaka akumanga mfundo zawo ndi maumboni, tsamba limodzi lidagumula nyumba yonse.

Pena bukuli lidasangalatsa omwewo lidawakwiyitsa. Mu Twilight Princess muli mzukwa wa msilikali womwe umaphunzitsa Link kumenya lupanga. Osewera ambiri ankaganiza kuti mzukwawo ndi Link wa mu Ocarina of Time, yemwe adamwalira ndi chisoni poti palibe ankakumbukira ungwazi wake. Hyrule Historia idatsimikiza zimenezi. Apa panalibe wodandaula. Munthu yemweyo ankatha kunena m'mawa kuti bukuli ndi lonama, madzulo n'kumalitsegula kuti atseke pakamwa mnzake. Woweruza amakoma akakukomera, eti?

Chodabwitsa n'chakuti bukulo lidachenjezeratu. Kumayambiriro kwa chigawo cha mbiri olemba adanena kuti zomwe asonkhanitsa ndi zomwe zikukhulupiriridwa pa nthawiyo, ndipo zitha kudzasintha. A Aonuma nawo, m'mawu awo otsekera, adavomera kuti iwo amayamba aganizira kaseweredwe, nkhani imabwera pambuyo, kotero zina sizingalumikizane bwino. Koma ndani amawerenga chenjezo pomwe wapeza chida chomenyera mnzake?

Kampani ya Dark Horse ya ku Oregon itatulutsa la Chingerezi pa 29 Januwale 2013, bukuli lidalowanso pa mndandanda wa mabuku oyenda malonda wa nyuzipepala ya New York Times. Osindikiza adaona kuti apa pali msika. Mu 2017 kudabwera Art & Artifacts, la zithunzi pafupifupi lokhalokha, ndipo mu 2018 kudabwera The Legend of Zelda Encyclopedia. Zikuto zawo, chobiriwira, chofiira ndi chabuluu, zikuimira milungu yaikazi itatu yomwe nthano ya Hyrule imati idalenga dzikolo: Farore, Din ndi Nayru. Atatuwa akaikidwa pamodzi pa shelefu amaoneka ngati a mimba imodzi. Koma mkati mwawo samvana.

Buku lachitatulo, lomwe ku Japan lidakonzedwa ndi olemba magazini ya Nintendo Dream, lidasuntha Link's Awakening ya 1993 n'kuiika patsogolo pa magemu awiri a Oracle a 2001, zosiyana ndi zomwe Hyrule Historia idanena. Izi ena adazimeza. Chomwe chidawatsamwa ndi nkhani ya Termina, dziko la mu Majora's Mask ya 2000. M'gemu imeneyi mwezi ukugwera dziko, ndipo wosewera ali ndi masiku atatu okha, omwe amawabwereza kambirimbiri, kuthandiza anthu mmodzimmodzi, kuphatikizapo Anju ndi Kafei, otomerana omwe adalekanitsidwa ukwati uli pafupi. Buku latsopanolo lidati Termina idalengedwa ndi mphamvu ya chigoba cha Majora kuchokera m'maganizo a kamnyamata kotchedwa Skull Kid, ndipo Link atachokako dzikolo lidazimirira. Kwa munthu yemwe adachezera usiku kuti Anju ndi Kafei akumanenso, kumuuza kuti onsewo adasungunuka ngati nkhungu kunali kumulaula. Ambiri adangogamula okha kuti tsamba limenelo saliwerengera.

Taonani pomwe zinthu zidafika. Mu 2011 awerengi ankapempha buku kuti liwaweruze. Pofika 2018 awerengi ndiwo ankaweruza mabuku, kusankha tsamba loti alikhulupirire ndi loti alitaye.

A Nintendo nawo adaoneka kuti atolapo phunziro. Breath of the Wild itatuluka mu 2017 idabwera ndi maina a malo ndi zizindikiro zochokera ku nthambi zonse zitatu. Opanga ake adangoti nkhani yake ikuchitika kutsogolo kwambiri, patapita zaka zosawerengeka, ndipo za nthambi adasiyira wosewera kuti aganize yekha. Buku la zithunzi la gemuyi, Creating a Champion, lomwe lidatuluka m'Chingerezi mu 2018, silidamange mfundo pa funsoli. Komabe mtengo wa nthambi zitatu uja sudadulidwe: Echoes of Wisdom ya 2024 a Nintendo adaiika pa nthambi yomwe ija ya kugonja, yomwe idautsa mapiri pachigwa zaka 13 m'mbuyomo.

Pa phokoso lonseli pali chigawo chimodzi cha Hyrule Historia chomwe sichidakanganitse anthu: chachitatu chija, cha zojambula za amisiri. Mmenemo muli nkhope zomwe zidayesedwa n'kukanidwa, zilombo zomwe sizidalowe m'gemu iliyonse, ndi timawu tolembedwa pamanja m'mbali mwa mapepala. Kwa wofufuza zakale, mbiri yeniyeni ya Hyrule ili pamenepo. Masamba amenewo akuonetsa anthu a ku Kyoto akuyesa ichi, kufufuta, kuyesa china, popanda wodziwa komwe nkhani idzathere zaka 25 kutsogolo. Ndondomeko ya mibadwo idabwera pambuyo, kudzalongosola zomwe zidabadwa mosalongosoka.

Mwalamulo Hyrule ndi ya Nintendo, ndipo palibe angatsutse. Koma nkhani yomwe anthu aisenza m'mitu mwawo kuyambira ali ana sailandidwa ndi chidindo cha kampani. Mkwiyo wa awerengi aja unali mkwiyo wa anthu omwe amadziona ngati eni mudzi, ndipo buku lililonse lomwe latuluka langokhala mkulu winanso wodzakhala nawo pabwalo, womveredwa mwaulemu kenaka n'kufunsidwa mafunso. Akuluakulu adati mlandu suola. Wa ku Hyrule udazengedwa mu 2011, chigamulo chidasindikizidwa pa pepala lokongola, koma ozengawo sadabalalike pabwalo.